Tisamangoti "ndi netiweki"

Pali mawu awiri amene amatseka nkhani iliyonse m'dziko muno: "ndi netiweki." Ndalama yomwe watumiziridwa ikachedwa kufika pa foni, ndi netiweki. Mzere wa ku banki ukaima kwa ola lathunthu, ndi netiweki. Mnzako wa m'gulu akalephera kutumiza gawo lake la asayimenti, nayenso ndi netiweki. Mawuwa akangotchulidwa tonse timagwedeza mutu n'kukhala chete, ngati wina wanena kuti mvula yakana chaka chino. Palibe amafunsa kuti netiweki yake iti, yadukira pati, nanga woyenera kuikonza ndani.

Ine ndikuti mawu amenewa akutidyera ndalama ndi nzeru zomwe, ndipo ife amene tikuti tikuphunzira ndife oyenera kuyamba kuwasiya. Zimenezi sindinazimve m'kalasi. Ndinaziphunzira holide yapitayi kwathu ku Bembeke, m'kachipinda kozizira, padi ya gemu ili m'manja, manyazi atandigwira.

Mng'ono wanga atalemba mayeso a Fomu 4 sanapeze mwayi wopitiriza sukulu, choncho anagwira khasu. Kwathu mbewu ya ndalama ndi mbatata ya kachewere, ndipo aliyense amene anadutsapo mumsewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza amaidziwa milu ya mbatata, kabichi ndi tomato ya pa Bembeke Turn-off. Mnyamatayo analima, anakolola, anagulitsa. Ndalamayo anaphatikiza ndi ngongole ya kwa amalume n'kugula PlayStation 4 yogwirapo kale ntchito kwa mkulu wina wochokera ku Joni. Popeza magetsi tili nawo, anaika wailesi ya kanema ndi mabenchi awiri m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba, anyamata a m'deralo n'kumalipira kuti amenye mpira wa pa sikirini. Amalume popereka ndalamayo anangoti, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha." Inali ndalama ya feteleza wa kudimba.

Miyezi yoyamba zinkayenda. Kenako makasitomala anayamba kudandaula kuti matimu a mu gemu ndi akale, osewera amene anasamuka kalekale akadavalabe yunifomu za kumene anachoka. Ena ankafuna kumenyana ndi anzawo a ku Lilongwe pa intaneti. Zonsezi zimafuna kuti makinawo alumikizidwe. Mng'ono wanga anapita ku Dedza boma, anagula rauta ya 4G yogwirapo kale ntchito, anaikamo simu. Mafoni onse a m'nyumba analumikizika tsiku lomwelo. Gemu yokha inakana, ndipo inakana kwa masabata atatu.

Pamasabata atatuwo aliyense anali ndi yankho. Ambiri ankati ndi netiweki, Bembeke ndi kumapiri. Ena ankati makinawo anatsekedwa ku Joni, sangagwire kuno. Wokonza mafoni wina anati abwere nawo awatsegule asinthe kachipangizo ka Wi-Fi, ndipo mtengo womwe anatchula unali wa thumba la mbatata ndi theka. Makasitomala anayamba kuthawira kwa mnyamata wina wa ku Turn-off amene zake zinali zatsopano. Amalume anadula mlandu: mwezi ukatha zinthu zisanasinthe, makina agulitsidwe, feteleza agulidwe.

Ndiye ndinafika ine, wa ku yunivesite, amene ndinakhoza bwino kosi ya makompyuta chaka chachiwiri. "Achimwene, inu ndiye mutithandiza," anatero mng'ono wanga ndisanatule n'komwe chikwama. Ndinakhala pa benchi, ndinatsegula YouTube pa data ya foni yanga, ndipo ndinachita chilichonse chomwe mavidiyo ananena. Ndinalemba dzina la Wi-Fi pamanja, ndinaika DNS ya Google ya 8.8.8.8, ndinabwezera masetingi a gemu pachiyambi, ndinasintha dzina ndi pasiwedi ya rauta, ndinazimitsa n'kuyatsa kambirimbiri. Zinthu zisanu nthawi imodzi. Pofika madzulo gemu inali ikukanabe, ndipo tsopano ngakhale mafoni a m'nyumba anali ataduka chifukwa pasiwedi yatsopano ndinali nditailemba molakwika papepala. Amayi atafunsa chomwe chachitika, pakamwa panga panatuluka mawu omwe aja: "Ndi netiweki, amayi."

M'mawa mwake, nkhungu isanachoke, ndinaperekeza amalume kudimba. Pamzere wina mbatata zinali zikufota. Ine ndikanangoti ndi nyengo. Amalume anayamba n'kupisa chala m'dothi kuti aone ngati muli chinyezi. Chinalimo. Anatembenuza masamba kufuna mawanga akuda a chiwawu. Panalibe. Anayang'ana ngati mzere wonse wafota kapena mitengo ingapo yokha. Kenako anazula umodzi, anatenga mpeni n'kudula mbatata pakati, ndipo mkati munali mzere wofiirira wozungulira. "Iyi si ya mankhwala opopera," anatero. "Ukapopera wataya ndalama. Iyi timazula n'kukataya kutali, ndipo pano chaka chamawa sitidzalapo mbatata." Munthu amene sukulu anailekera Sitandade 6 anafunsa mafunso anayi, limodzilimodzi, ndipo funso lililonse linkachotsa chifukwa chimodzi. Ine wa digiri ndinali nditathira mankhwala asanu pa matenda omwe sindinawadziwe dzina.

Titabwerera ndinayambiranso, ulendo uno motsata njira ya amalume. Chomwe timachitcha "netiweki" si chinthu chimodzi. Ndi unyolo wa mfundo zingapo: kuchoka pa gemu kufika pa rauta, kuchoka pa rauta kufika pa nsanja ya kampani ya mafoni, kuchoka pa nsanja kudutsa m'makina a kampaniyo, kenako m'zingwe zotuluka m'dziko, mpaka pa seva ya gemu yomwe ili kunja. Mfundo iliyonse ili ndi mwini wake. Ndipo PlayStation 4 ili ndi malo otchedwa Test Internet Connection amene amayesa mfundozi motsatizana: ngati yalandira adiresi kuchokera ku rauta, ngati yafika pa intaneti, ngati yalowa mu PlayStation Network, mtundu wa NAT, ndi liwiro. Pamene mayesowo aimira ndi pamene pali vuto. Tsiku loyamba lija sindinawawerenge n'komwe.

Funso loyamba linali lakuti: kodi Wi-Fi ya gemuyo inafadi, monga ananenera wokonza mafoni uja? Ndinayatsa hotspot pa foni yanga. Gemu inaiona pompopompo. Mphindi imodzi yokha inapulumutsa thumba la mbatata ndi theka. Ngati makina akuona Wi-Fi ina koma sakuona yathu, ndiye kuti nkhani ili pa rauta. Wi-Fi imayenda m'misewu iwiri yodziwika, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. PlayStation 4 yoyambirira, yomwe inatuluka mu 2013, imadziwa wa 2.4 GHz wokha. Mitundu ya Slim ndi Pro ya mu 2016 ndi yomwe imadziwa yonse iwiri. Nditalowa m'masetingi a rauta kudzera pa adiresi yolembedwa kunsi kwake, ndinapeza kuti mwini wake wakale anazimitsa 2.4 GHz n'kusiya 5 GHz yokha. Mafoni athu atsopano sankaona vuto. Ndinayatsa, ndipo dzina la Wi-Fi yathu linaonekera pa sikirini. Tsamba lomwelo ndinalitsegula dzulo lake, koma maso anga anali pa vidiyo.

Kwa amene mumalumikiza gemu pa hotspot ya foni ku hositelo, nkhani yake ndi yomweyi. Onani ngati hotspot ili pa 2.4 GHz, ndipo onaninso chitetezo chake. Mafoni ndi marauta atsopano ena amagwiritsa ntchito WPA3, yomwe makina akale ngati PlayStation 4 saidziwa. Mukaika pa WPA2 amalumikizika. Musachotseretu pasiwedi pofuna kuthawa vutoli, chifukwa bandulo yanu idzadyedwa ndi khonde lonse.

Funso lachiwiri: gemu yalumikizika, nanga bwanji ikumangoduka? Apa m'pamene ambiri timasokoneza timizere tiwiri tosiyana. Pali timizere tosonyeza mphamvu ya nsanja pa rauta, ndipo pali timizere tosonyeza mphamvu ya rauta pa gemu. Kwathu 4G imagwira bwino pa windo limodzi lokha, la kuchipinda chakumbuyo, ndipo rauta inaikidwa pamenepo. Gemu ili kutsogolo. Pakati pake pali makoma atatu a njerwa zowotcha. Ukasendeza rauta kufupi ndi gemu, nsanja imatayika. Ukaibwezera pa windo, gemu imatayika. Yankho lake silinali la pa YouTube. Tinagula chingwe cha LAN cha mamita 20, tinachidutsitsa m'mwamba mwa khoma, rauta n'kukhalabe pa windo lake. Chingwe chotere chimagwira bwino mpaka mamita 100, sichisamala za makoma, ndipo sichilimbirana mpata ndi mafoni asanu ndi awiri a m'nyumba. Kunena zoona, tikanayamba ndi chingwe, vuto loyamba lija sitikanalidziwa n'komwe. Makina amene sasuntha pamalo pake sasowa Wi-Fi.

Funso lachitatu ndi lomwe linandiseketsa. Mayeso anasonyeza kuti adiresi yalandiridwa, koma intaneti palibe. "Koma achimwene, intaneti ilipo, onani WhatsApp ikugwira," anatero mng'ono wanga. Inkagwiradi. Ndinamuuza kuti atsegule tsamba lililonse pa foni yake. Linakana. Makampani a mafoni kuno, Airtel ndi TNM omwe, amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook okha, ndipo ambirife timadalira amenewo. Bandulo ya intaneti yonse yomwe mng'ono wanga anaika poyamba inali itatha kalekale ndi mavidiyo a m'mafoni, ndipo mlongo wathu, pofuna kuthandiza, ankangoikamo ya WhatsApp. Palibe analakwa. Koma palibenso vidiyo ya ku America kapena ku England imene ikanatiuza zimenezi, chifukwa amene amapanga mavidiyowo sadziwa kuti kuli dziko lomwe intaneti imagulidwa m'timaphukusi ngati shuga wa pa okala.

Pali chinanso choyenera kuona kwa ife a m'malire. Amene mumayenda pakati pa Ntcheu ndi Dedza mukudziwa kuti msewu umayenda m'mphepete mwa Mozambique, ndipo nthawi zina foni imalumphira pa netiweki ya tsidya lija. Rauta ya simu ikhozanso kutero, ndiye bandulo ya kuno singagwire. Kwathu sizinali choncho, koma ndinaikabe rauta kuti izisankha netiweki yake yokha, osati iliyonse yomwe yapeza.

Mavuto atatu amenewa onse anali m'nyumba mwathu. Onse anali m'manja mwathu. Kuwakonza kunatenga tsiku limodzi, chingwe chimodzi ndi bandulo yoyenera. Kwa masabata atatu tinkanamizira mapiri a Bembeke ndi kampani ya mafoni pa zinthu zomwe zinali pa windo lathu. Ili ndi theka loyamba la mlandu wanga pa mawu akuti "ndi netiweki": amatipatsa chilolezo chokhala pansi pamene tikanatha kudzuka.

Theka lachiwiri linabwera titadutsa pakhomo. Pofuna kutsegula akaunti, tinapeza kuti pa mndandanda wa mayiko a PlayStation Network palibe Malawi. South Africa ilipo, ndipo n'chifukwa chake osewera ambiri a kuno amalembetsa ngati a ku Joni. Magemu ambiri amafunanso kuti uzilipira pamwezi kuti usewere ndi anthu ena pa intaneti, ndipo malipirowo ndi a ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chotere chinakwera tsiku limodzi. Nkhani ya mayiko osowa pa mndandandayi inamveka dziko lonse lapansi mu May 2024, pamene Sony inalengeza kuti osewera gemu ya Helldivers 2 pa kompyuta ayenera kukhala ndi akaunti ya PlayStation Network. Anthu anakwiya chifukwa mayiko ambiri alibe mwayiwo, ndipo patangopita masiku ochepa kampaniyo inabweza ganizolo. Ife kuno tinazolowera kuzemba mwakachetechete, ena kunja anafuula ndipo anamveka.

Kenako panabwera NAT. Mayeso anati tili pa Type 3, womwe ndi mtundu wothina kwambiri: kudawuniloda kumatheka, koma kulumikizana mwachindunji ndi osewera ena kumavuta. Mavidiyo onse amati lowani mu rauta, yatsani UPnP, tsegulani mapoti. Ndinachita chimodzichimodzi, ndikuyesa pambuyo pa chilichonse. Palibe chinasintha. Chifukwa chake n'chakuti maadiresi akale a intaneti, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yake yaikulu inatha mu 2011. Pofuna kuti akwanire, makampani ambiri a mafoni padziko lonse amaika makasitomala ochuluka kuseri kwa adiresi imodzi, njira yomwe imatchedwa CGNAT. Zili ngati mudzi wonse ukulandirira makalata pa bokosi la positi la sukulu. Kutumiza kalata n'kosavuta, ndipo yankho lake limakupeza. Koma mlendo amene ali ndi nambala ya bokosi yokha sangafike pakhomo pako, ngakhale utatsegula chitseko n'kusesa pabwalo.

Pali njira yodziwira ngati muli m'gulu limeneli. Onani adiresi yakunja yomwe rauta yanu yalandira, muiyerekeze ndi yomwe masamba oonetsa IP akukuuzani. Zikasiyana, kapena ya pa rauta ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, ndiye kuti chitseko chomwe mukufuna kutsegula si chanu. Yathu inali choncho. Kudziwa zimenezi sikunakonze kanthu, koma kunatiletsa kugula rauta ina, zomwe mng'ono wanga anali atayamba kale kuganiza. Ngakhale Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023 ndipo ena amaiona ngati mankhwala a chilichonse, imagwiritsanso ntchito CGNAT pa makasitomala wamba.

Chomaliza chinali kuchedwa, chomwe osewera amachitcha ping. Ambiri timayang'ana liwiro lodawunilodera, koma gemu imasamala kwambiri za nthawi yomwe uthenga umatenga kupita pa seva n'kubwerera. Kuwala kumayenda m'chingwe cha faiba makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500, choncho ngakhale chingwe chitawongoka ngati muvi, kupita n'kubwera ndi mamilisekondi 15. Seva ikakhala ku London, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000, ndi mamilisekondi 80 musanawerengere china chilichonse. Ndipo zingwe siziwongoka. Malawi alibe gombe, ndiye intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo ngati Tanzania ndi Mozambique kuti ikapeze zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Pa 12 May 2024 zingwe ziwirizi zinaduka chakufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta kuno, ku Tanzania, ku Mozambique ndi mayiko ena. Tsiku limenelo amene anati "ndi netiweki" ananena zoona. Koma ndi angati amene ankadziwa kuti akunena zoona?

Mtunda sitingausinthe. Koma tinaona chinthu china. Kwa sabata yathunthu mng'ono wanga ankayesa katatu patsiku n'kulemba m'kope: m'mamawa, masana ndi madzulo. M'mamawa zinthu zinkayenda bwino. Dzuwa likangolowa, anthu akaweruka n'kugwira mafoni, ping inkakwera mpaka mpira wa pa intaneti sunkaseweredwa. Mtunda wa ku Johannesburg susintha madzulo. Chimasintha ndi kuchuluka kwa anthu pa nsanja imodzi. Limeneli ndi vuto la kampani, ndipo tsopano tinali ndi kope lotsimikizira.

Ndikudziwa chomwe ena mukuganiza. M'dziko lomwe anthu akusowa feteleza, mwana wa yunivesite akulemba zonsezi chifukwa cha gemu? Yankho langa n'lakuti msewu womwe gemu imadutsa ndi womwewo umene kalasi ya pa intaneti imadutsa. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ophunzira ambiri a kumidzi anaona okha kuti kukhala ndi WhatsApp si kukhala ndi intaneti. WhatsApp ndi yoleza mtima: uthenga ukachedwa masekondi khumi palibe amadziwa. Gemu siyikhululuka, ndipo intavyu ya ntchito ya pa Zoom siyikhululukanso. N'chifukwa chake ndimaiona gemu ngati mboni yabwino. Imaulula msanga zomwe tsiku lina zidzakutayitsa mwayi wa ntchito kapena wa sikolashipu. Ndipo kwa mng'ono wanga sinali nkhani ya masewera. Inali bizinesi yogulidwa ndi thukuta la chaka chathunthu, ndi ulemu wake pamaso pa amalume.

Ena anganene kuti si tonse tingakhale akatswiri a makompyuta. N'zoona. Amalume nawonso si katswiri wa pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya ku Bembeke. Amangodziwa kufunsa funso limodzi, kuona yankho, n'kupita pa lotsatira. Palibe chomwe ndinachita tsiku lachiwiri chimene chimafuna digiri. Kuyatsa hotspot, kutsegula tsamba limodzi, kuyerekeza manambala awiri. Chomwe chimafunika ndi kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo apa ndikudziloza ndekha ndi anzanga a m'makoleji. Tinazolowera kuloweza mayankho a mayeso akale, ndiye tikakumana ndi vuto lenileni timafufuza yankho loti tikopere m'malo mofufuza funso loti tifunse. Kosi ija ndinaikhoza chifukwa ndinaloweza mayina a magawo a netiweki motsatizana. Sindinaganizepo kuti mndandanda umenewo ndi njira yofufuzira vuto.

Palinso amene anganene kuti nthawi zambiri imakhaladi netiweki, ndipo makampani asapeze pothawira. Ndikugwirizana nawo, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba. Munthu amene amangoti "netiweki yanu ndi yoipa" ndi wosavuta kumuyankha: zimitsani foni muyatsenso. Koma munthu amene akuti, "Ndili pa chingwe, bandulo ndi yoyenera, m'mamawa zili bwino, kuyambira 6 koloko madzulo zimafa, ndipo ndalemba masiku asanu ndi awiri," ameneyo sungamuuze kuti azimitse foni. Dziko lino lili ndi bungwe la MACRA loyang'anira ntchito za mafoni ndi intaneti, ndipo kasitomala amene kampani yake sinamuthandize ali ndi ufulu wokadandaula kumeneko. Lamulo la Communications Act la mu 2016 linakhazikitsanso thumba la Universal Service Fund lothandiza kufikitsa ntchitozi kumadera osafikiridwa bwino. Pa bandulo iliyonse timalipira msonkho, kuphatikizapo wa 10 peresenti womwe unaikidwa pa data ndi mauthenga mu 2015. Tili ndi chifukwa chofunsira. Koma dandaulo lopanda umboni limathera pa Facebook, anthu n'kuseka, mawa n'kuiwala.

Choncho mawu awiri aja amatiba mbali zonse ziwiri. Vuto likakhala lathu, amatiletsa kulikonza. Vuto likakhala la ena, amawabisa, chifukwa "netiweki" ilibe ofesi, ilibe dzina, ili ngati mphepo. Timagula rauta yachiwiri pa vuto la kampani, ndipo timatukwana kampani pa vuto la pasiwedi. Amene amapindula ndi chisokonezochi si ife.

Kwathu zinatha motere. Apudeti tinaidawuniloda usiku, nthawi yomwe nsanja imakhala itapuma, tikupemphera kuti magetsi asathime. Matimu anakhala a nyengo ino, ndipo makasitomala ambiri anabwerera. Zomenyana ndi anyamata a ku Lilongwe madzulo mng'ono wanga anazisiya dala, atamvetsa kuti sizili m'manja mwake. M'malo mwake anayambitsa ligi ya Loweruka ya pabenchi pomwepo, yomwe sifuna intaneti. NAT ikadali pa Type 3. Dandaulo lathu la nsanja tinalitumiza ku kampani pamodzi ndi zithunzi za kope lija, ndipo pamene ndikulemba pano yankho silinabwere. Tikadikira mokwanira tipita nalo patsogolo.

Amalume sanagulitse makinawo. Sananenenso kuti analakwitsa, paja akuluakulu satero. Anangoti ngongole ibwezedwe pokolola mbatata za kudimba, ndipo feteleza anakongola kwina. Tsiku lomwe ndinkanyamuka ndinapeza mng'ono wanga atakhoma katoni pakhoma pafupi ndi wailesi ya kanema, atalembapo ndi makala mafunso asanu: Chingwe chalowa? Rauta ikuona nsanja? Bandulo yake ndi iti? Tsamba likutseguka pa foni? Ndi nthawi yanji? Mnyamata wina atangoona gemu yaima anafuula kuti ndi netiweki. Mng'ono wanga sanamuyankhe. Analoza katoniyo, n'kugwada kuona chingwe.